Atiletsa ng'oma kutchalitchi, nanga nyimbo za m'buku zija zinachokera kuti?

WaSolofa:
Abale anga mugulu muno ndithandizeni maganizo, mtima wanga sukukhazikika chiyambire Lamulungu. Ine ndimaphunzitsa kwaya ya achinyamata patchalitchi chathu cha CCAP kuno ku Mulanje, dzina sinditchula, ana ambiri makolo awo amathyola tiyi kuesiteti. Tinakonza nyimbo yatsopano ya pepa sande, mawu tinatenga mu Masalimo 121 paja pokweza maso kumapiri, nanga si phiri tikuliona tsiku ndi tsiku, koma tinaikamo ng'oma ziwiri ndi maseche, mapazi akuponda pang'ono mmene timachitira kwathu. Anthu anaimirira, azimayi nthungululu, chopereka chinayenda bwino zedi. Titaweruka akulu ampingo anandiitanira kuvesitili nkundiuza kuti zimene mwachitazi ndi tchopa, musadzabwerezenso, muziimba za m'buku. Sindinayankhe mwano, ndi makolo anga aja, mmodzi mwa iwo ndi amene anandiphunzitsa kalasi ndisanabatizidwe. Koma funso landikhala pakhosi. Nyimbo za m'bukuzo zinachokera kuti? Ndipo ananena ndani kuti ng'oma ndi yachikunja koma kiyibodi ndi yoyera? Odziwa mbiri ya mpingo tiuzeni chonde. Ana anayi anena kale kuti Loweruka sabwera kupulakatisi.

MaiMvano_Luchenza:
Pepani achimwene, zowawa ndithu ntchito yonse ija. Koma akuluwo musawaone ngati adani. Agogo anga aakazi anadulidwa mumpingo chaka chathunthu chifukwa anapezeka pabwalo pomwe ankavina tchopa pothira nsembe ya mvula, anabwerera kukalasi ali munthu wamkulu wa ana asanu. Anthu a msinkhu umenewo akamva ng'oma ikulira mwamtundu uja samva nyimbo ayi, amakumbuka chinthu chomwe anachisiya ndi misozi. Inu mwabadwa ng'oma ilibe mlandu, iwo ayi.

Mnyamata_wa_Limbuli:
Ndiye Masalimo 150 tiwang'ambe m'Baibulo? Mwalembedwa lingaka ndi kuvina momwemo. Davide yemwe anavina patsogolo pa likasa mpaka mkazi wake kumunyoza, amene anatsutsidwa ndi mkaziyo osati Davide.

MaiMvano_Luchenza:
Mwana wanga sindinati ng'oma ndi tchimo. Werenganso bwino.

Mphunzitsi_Wopuma:
Bambo WaSolofa funso lanu ndi labwino, ndiyankha motalika mundipirire. Mpingo wa CCAP mbali yathu ino unachokera ku Blantyre Mission yomwe anthu a Church of Scotland anayamba mu 1876, ndipo Mulanje Mission ndi mphukira ya pomwepo. Chomwe ambiri sadziwa nchoti kwawo ku Scotland komweko anthuwa anakhala zaka mazana akuimba masalimo okhaokha popanda choimbira chilichonse. Anatsata John Calvin wa ku Geneva yemwe ankati pamapemphero pamveke mawu a munthu ndi mawu a Mulungu basi. Limba lija timaliona ngati lopatulika lero linalowa m'matchalitchi awo cha m'ma 1860, ndipo linalowa ndi mikangano yoopsa, akulu ampingo akumeneko ankakwiya monga momwe akwiyira akulu anuwo. Ndiye kuti pomwe amafika kuno, limbalo kwawo linali lachilendo, lisanathe ndi zaka makumi awiri zomwe.

Nyimbo zenizenizo nazo zinali ndi otsutsa. Isaac Watts ku England atayamba kulemba nyimbo za mawu ake osati salimo lenileni, ena ankati munthu wamba angalembe bwanji zoimbira Mulungu. Charles Wesley analemba nyimbo zoposa 6000, zambiri zinkaimbidwa panja ndi anthu osauka a m'migodi ndi m'mafakitale. Zimenezi ndi zina za ku America ndi zomwe anazitembenuzira mu Chinyanja nkudzaza buku la Nyimbo za Mulungu. Nchifukwa chake mukamaimba zina mumamva mawu akukokedwa mokakamiza, katchulidwe kake sikagwirizana ndi mmene timayankhulira, chifukwa chuni chinasokedwera Chingerezi, ife tinangovala malaya a mwini.

Koma ndisaname, si azungu onse ankadana ndi zathu. David Clement Scott, uja anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi amisiri akuda oumba njerwa pomwepo, ankalemekeza chiyankhulo chathu kwambiri, mu 1892 anatulutsa dikishonale yaikulu ya Chimang'anja. Ndipo kumpoto ku Livingstonia zinayenda mosiyana ndi kuno. Donald Fraser ku Embangweni ankalimbikitsa Angoni ndi Atumbuka kupeka nyimbo zawo pa machuni akwawo, anthu ngati Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anapeka zambiri zomwe zili mu Sumu za Ukristu mpaka lero. Machuni ena anali a nyimbo za Chingoni zenizeni. Mpingo ndi umodzi womwewu kuyambira 1924, Nkhoma nkudzalowa mu 1926. Ndiye mukandifunsa ine, zomwe mwachitazo si zachilendo mu CCAP, kungoti kum'mwera kuno tinachedwa nazo.

WaSolofa:
Aphunzitsi zikomo kwambiri, zoti limba nalonso linakanidwapo sindimadziwa olo pang'ono. Ndawerenga kawiri.

Nambewe_wa_Thunga:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino koma malaya a mwini aja ine ndakana. Mayi anga anamwalira akuimba nyimbo ya m'buku lomwelo pabedi lachipatala, mawu atatha kale koma milomo ikuyenda. Nyimbo yoti agogo, amayi ndi ine taimba pamaliro ndi paukwati zaka zoposa 100 ikhalabe bwanji ya mzungu? Inakhala yathu kalekale. Mmene timaikokera ife pasiwa usiku, mzungu atamva sangaizindikirenso.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mayi mwanena zoona ndipo mawu aja ndawabweza. Ndimanena za chiyambi chake, osati za mwini wake lero.

WaMakwasa:
Ine ndine wa Sabata, ndikhoza kuponyapo? Kwathu kuno ku Thyolo tili ndi mishoni ya Malamulo, yomwe inayamba mu 1902. Malowo poyamba anali a Seventh Day Baptist, ankatchedwa Plainfield, anayambitsa ndi Joseph Booth, kenako a Adventist anagula. Ndipo mmishonale woyamba wa Adventist amene anatumizidwa kudzakhala pamenepo anali munthu wakuda wa ku America, Thomas Branch, ndi banja lake, zomwe ana athu ambiri sadziwa, amaganiza kuti aliyense wobweretsa uthenga anali mzungu. Ife tinakula ndi Khristu mu Nyimbo ndi makwaya opanda choimbira chilichonse, anyamata anayi kuima kutsogolo, besi ikugunda pachifuwa ngati ng'oma yomwe. Ku msonkhano wa misasa anthu masauzande akayamba nyimbo m'mawa kuli chifunga cha kuno, tsitsi limaimirira. Ndiye ine ng'oma sindiifuna m'kachisi, osati chifukwa ndi ya satana ayi, koma chifukwa ndaona kuti pomwe palowa zoimbira anthu amasiya kuphunzira mawu anayi aja. Lero mwana wa kwaya umufunse alto sakudziwa, akungodikira kiyibodi imutsogolere.

Mnyamata_wa_Limbuli:
Koma makwaya anu a Sabata omwewo masiku ano akujambula kusitudiyo ndi mabiti, timawamva m'maminibasi a Limbe Muloza tsiku lililonse.

WaMakwasa:
Eya ndipo mkangano womwewo uliponso kwathu, musaganize kuti tinagwirizana.

Chemwali_Anna:
Ife Akatolika tinadutsamo kale mu zimenezi. Bambo anga ankatumikira paguwa ali mwana, Misa yonse mu Chilatini, ankayankha mawu oloweza osadziwa tanthauzo. Msonkhano wa Vatican wachiwiri, 1962 mpaka 1965, ndi umene unatsegula chitseko kuti tizipemphera m'chiyankhulo chathu ndi zoimbira zathu. Amatiuza kuti tsiku lomwe ng'oma inalira koyamba m'tchalitchi chakwathu agogo ena anatuluka nkukakhala pansi pamtengo mpaka Misa kutha. Lero agogo a msinkhu umenewo ndi amene amatsogola kuvina popereka mitulo, nkhuku ndi nthochi pamutu. Komanso musaiwale Alleluya Band ya ku Balaka inabadwira paparishi mu 1978, Paul Banda ndi mng'ono wake malemu Lucius anakulira mmenemo. Zinthu zimasintha koma zimafuna nthawi, kwathu zinatheka msanga chifukwa lamulo linachokera kumwamba kwa maepiskopi, kwanu kuli seshoni, bwalo la abusa ndi akulu ampingo, ndiye muyenera kukambirana basi.

Mulomwe_Weniweni:
Ndaona dzina la tchopa likutchulidwa ngati ndi matenda, zandipweteka. Choyamba bambo WaSolofa, munavala zikopa ndi nthenga? Munanyamula zikwama kumsana? Munazungulira bwalo? Ngati ayi ndiye sichinali tchopa chimenecho, inali ng'oma chabe. Tchopa ndi gule wathu Alhomwe, makolo ankavina pothokoza akakolola, akabwera kosaka nyama, komanso popereka nsembe kwa mizimu kukakhala chilala kapena mliri. Mbali ya nsembeyo sindibisa, ilipo. Mu 2014 a UNESCO anamuika pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse lapansi, ndipo chaka chilichonse pa Chonde anthu amavina, ambiri mwa ovinawo mawa lake ali kutchalitchi, ena ndi madikoni. Chomwe chimandiwawa nchoti makolo athu atawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi anafikira m'maesiteti pa thangata, kusukulu ya mishoni ankaphunzira Chinyanja, kutchalitchi Chinyanja, mpaka kuyankhula Chilhomwe kunasanduka chamanyazi. Lero ndi angati kuno ku Mulanje angapemphere m'Chilhomwe? Chiyankhulo chinapita, ng'oma nayonso ipite?

Dikoni_wa_Goliati:
Achimwene mwayankhula mopsa mtima koma pali funso lomwe simunayankhe. Ngati kaombedwe kameneko kanapangidwira kuitana mizimu, tingangokasintha mawu basi nkukhala koyera? Paulo anati zonse nzololedwa koma si zonse zimangirira, ndipo za nyama yoperekedwa kumafano anati ngati ikhumudwitsa mbale wanga sindidya. Akulu aja ndi abale ofookawo kapena olimbawo, kaya, koma akhumudwa.

Mulomwe_Weniweni:
Adikoni, ng'oma ndi mtengo ndi chikopa cha ng'ombe. Chikopa chomwecho chili pachikuto cha Baibulo la abusa.

Nambewe_wa_Thunga:
Koma adikoni ana anayi aja amene akufuna kusiya kwaya si abale ofooka nawonso? Bwanji vesi imeneyi timangoigwiritsa ntchito poteteza akulu okha?

Dikoni_wa_Goliati:
Mayi apo mwandigwira. Ndiganizire.

Mnyamata_wa_Limbuli:
Poti mwatchula Joseph Booth ndi thangata, si yemweyu anatenga John Chilembwe kupita naye ku America? Ineyo ndimati Chilembwe akanakhalapo bwenzi ng'oma zikulira m'matchalitchi monse.

Mphunzitsi_Wopuma:
Ndi yemweyo, anapita naye mu 1897, Chilembwe anakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia nkubwerera mu 1900 kudzayamba mishoni yake ya PIM (Providence Industrial Mission) ku Mbombwe, Chiradzulu. Koma zoti bwenzi akuomba ng'oma musafulumire. Taonani zithunzi zake, suti, tayi, mayi akunyumba atavala diresi lalitali, ankafuna anthu ake azioneka aukhondo ndi ophunzira kuti mzungu asowe chonyozera. Chomwe ankalimbana nacho ndi thangata, kuwotchedwa kwa matchalitchi ake ang'onoang'ono pa esiteti ya Bruce ku Magomero, ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukafera nkhondo ya azungu ya 1914. Ambiri omutsatira anali Alhomwe omwe akunenedwa pamwambapa. Anaukira pa 23 January 1915 ndipo anaphedwa pa 3 February akuthawira ku Mozambique, mbali yathu yomwe ino.

Dikoni_wa_Goliati:
Ine nkhani ya Chilembwe imandivuta mpaka lero. Ndimamulemekeza, nkhope yake ili pandalama, pa 15 January timapuma. Koma mbusa kulola kuti mzungu wa pa esiteti ya Bruce adulidwe mutu pa kuukira kuja, Yesu uja anauza Petro kuti bweza lupanga m'chimake timuika pati?

Chemwali_Anna:
Adikoni nkosavuta kuweruza tili pampando ndi foni m'manja. Munthu akuona nkhosa zake zikukwapulidwa, analemba kalata kunyuzipepala kudandaula osamumvera. Sindikuti kupha nkwabwino. Maepiskopi athu pa 8 March 1992 anasankha njira ina, kalata yowerengedwa m'matchalitchi monse, ndipo inagwedeza boma popanda mfuti, koma nawonso anaopsezedwa kuphedwa. Nthawi zinali zosiyana.

Mulomwe_Weniweni:
Agogo a bambo anga anagwira thangata. Kwathu dzina la Chilembwe sititchula mwachibwana.

Admin_Sapitwa:
Abale nkhani ya Chilembwe ndi yaikulu, tiitsegulire pake mawa. Pano tithandize bambo wa kwaya, Loweruka layandikira.

Mai_a_Tadala:
Ine ndili ndi dandaulo lina koma ndi lomweli. Vuto la masiku ano si ng'oma, ndi masipika. Kwathu anagula kiyibodi ndi masipika awiri aakulu ndi ndalama za pepa sande zomwe timati tikonzere denga, mnyamata woimbayo amakweza mpaka mwana wanga wakhanda amadzidzimuka, mpingo wonse unasiya kuimba timangoyang'ana anthu asanu akutsogolo. Magetsi akazima, jenereta ilibe mafuta, tchalitchi chonse zii ngati palibe amene akudziwa nyimbo. Amosi 5 paja Mulungu akuti chotsani phokoso la nyimbo zanu. Bola ng'oma yanuyo achimwene, siifuna mayunitsi ndipo simeza mawu a anthu. Ndiye kuitana woimba gospel wotchuka kuti adzaimbe pa fandirezing'i, ndalama yomwe amatchula, kuphatikiza thiransipoti ndi chakudya cha gulu lake, zomwe mwatolera zonse zimathera iyeyo.

Mnyamata_wa_Limbuli:
Mayi woimba naye amadya. Situdiyo amalipira, nyimbo zake anthu amangotumizirana pa WhatsApp ulele, ma CD anatha. Abusa amalandira malipiro bwanji woimba akapempha mukuti wakonda ndalama?

Mai_a_Tadala:
Alandire koma adziwe kusiyanitsa tchalitchi chakumudzi ndi holo ya mu Blantyre.

MaiMvano_Luchenza:
Mai a Tadala mwandikumbutsa za namondwe Freddy. March 2023 uja, kwa achibale athu kuseri kwa phiri madzi ndi miyala zitatsika usiku, tinapita ife amvano patapita masiku chifukwa misewu inali itaduka. Anthu ali pasukulu, ena sanapeze ndi mitembo yomwe ya ana awo. Kunalibe magetsi, netiweki kulibe, mabuku a nyimbo anapita ndi madzi. Ndinkaganiza kuti tikafika tinena chiyani. Mayi wina wachikulire amene anataya zidzukulu ziwiri anangoyambitsa yekha nyimbo ya m'buku chapansipansi, tonse tinalandira, Akatolika, a Sabata, a Pentekosite, mavesi onse pamtima popanda woyang'ana pepala. Itatha atsikana anayambitsa makolasi athu aja owomba m'manja, wina akugogoda chigubu cha madzi, ndipo mayi yemwe uja anaimirira nkuyamba kuponda pang'onopang'ono akulira. Palibe anafunsa kuti iyi ndi ya mzungu kapena iyi ndi yachikunja. Ndikulemba pano misozi ikutuluka. Achimwene WaSolofa, ana anuwo aphunzitseni zonse ziwiri, za m'buku aziloweze ndithu mavesi onse, tsiku lina adzazifuna kopanda buku.

WaMakwasa:
Amayi zikomo. Ifenso kuno Freddy anatipweteka, zomwe mwanenazi ndinaziona.

Nambewe_wa_Thunga:
Mulungu awatonthoze onse aja.

Mkulu_Wampingo_Bvumbwe:
Ndakhala ndikuwerenga chete. Ine ndine mkulu wampingo zaka zambiri ndithu, osati wa kwa bambo WaSolofa, koma ndikudziwa zomwe zimachitika muvesitili. Mwana wanga ndikufunse, nyimboyo akuluwo anaimva isanafike Lamulungu? Kapena anaionera limodzi ndi alendo? Chifukwa nthawi zambiri chomwe chimatipweteka ife si ng'oma, ndi kudzidzimutsidwa pamaso pa anthu, mawa mkhristu akakufunsa kuti mwalola liti zimenezi iwe osadziwa choyankha. Kachiwiri, pitani kwa mkulu amene anakuphunzitsani kalasiyo kunyumba kwake, osati kutchalitchi, musatenge foni kukamuwerengera za Scotland zomwe alemba aphunzitsizi ngakhale zili zoona, mukatero aona ngati mwabwera kudzamuphunzitsa. Mufunseni kuti bambo chinakuwawani nchiyani. Mwina mumva nkhani ngati ya agogo a mayi a ku Luchenza aja. Ine ndemwe ndinakanapo gitala m'ma 1990, lero mdzukulu wanga ndi amene amaimba gitalayo ndipo ndimakhala kutsogolo. Anandigonjetsa ndi ulemu anyamata ake, ankabwera kudzaimbira mayi akunyumba akudwala.

Mnyamata_wa_Limbuli:
Bambo ndi ulemu wonse, koma nthawi zonse ndi achinyamata amene tizipita kukapepesa? Anzanga ambiri anapita kale kumatchalitchi a mumatenti chifukwa cha zomwezi.

Mkulu_Wampingo_Bvumbwe:
Sindinati akapepese mwana wanga, ndati akafunse. Ndipo za anzako opitawo zimandisowetsa tulo kuposa mmene ukuganizira, mabenchi akumbuyo kwathu ali mbee.

Dikoni_wa_Goliati:
Mayi Nambewe ndaganiza za funso lanu lija. Ndikuona kuti onse awiri ndi ofooka, akulu ndi ana omwe. Ndiye mwina nyimboyo iyambe yaimbidwa kumlaga kapena pa tsiku la achinyamata, osati tsiku la mgonero, anthu aizolowere. Koma kuponda kuja kuchepe, pamenepo sindisuntha.

Mulomwe_Weniweni:
Mukachotsa mapazi mwachotsa nyimbo adikoni.

WaSolofa:
Abale ndabwerako. Funso la bambo a ku Bvumbwe linandilasa chifukwa zoona sindinawauze akulu, ndimafuna ikhale sapulaizi. Dzulo madzulo ndinapita kwa mkulu uja, ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Ndinakhala pansi nkufunsa monga munandiuzira. Anakhala chete nthawi yaitali kenako anati bambo awo anali woomba ng'oma wodziwika m'mudzi monse, atabatizidwa anaiwotcha okha ng'omayo ana akuona, iwo ali ndi zaka ngati zisanu ndi zitatu. Akuti Lamulungu lija atamva ana akuomba, manja awo anayamba kuyenda okha pabenchi ndipo anachita mantha. Sindinathe kuyankha kanthu. Sanalole kuti tiimbenso m'tchalitchi, akuti nkhaniyo ipite kuseshoni mwezi wamawa abusa akabwera, koma anati Loweruka abwera kupulakatisi adzamve mawu ake bwinobwino chifukwa tsiku lija sanawamve. Anandiuzanso kuti mnyamata wa ng'oma yaing'ono amathamanga, akutsogola mnzake.

Mwa ana anayi aja awiri avomera kubwera, awiri sakuyankha foni. Aphunzitsi, nyimbo za kumpoto zija za Mawelera Tembo, alipo mugulu muno amene ali nazo za solofa? Ndikufuna ndidzawaimbire akulu imodzi kuseshoni.

Mphunzitsi_Wopuma:
Buku ndili nalo koma la mawu okha, lakutha chikuto. Mlamu wanga ku Ekwendeni amaimba kwaya, ndimuimbira usiku uno atijambulire pafoni. Lachisanu ndikhala pa Chitakale kumsika cha m'ma 10, mudzatenge bukulo.

MaiMvano_Luchenza:
Awiri osayankhawo nditumizireni kuinbox mayina a amayi awo, mwina ndi amvano anzathu.